Makiyi a m'Jekete la Kutchalitchi

Tadala, ika pansi foniyo. Wandifunsa kangapo za mabowo ali pakhoma la m'galaja aja, ndipo nthawi zonse ndakhala ndikukuyankha kuti ndi chiswe. Unaonapo kuti chiswe chodya njerwa? Iwenso kumangovomera zilizonse. Lero ndikuuzani zoona, chifukwa wafika msinkhu umene achimwene ako Takondwa anali nawo chaka chimenecho. Nawe Mphatso sendera kuno, nkhaniyi ulimo. Unalipo ndithu, kungoti unali kumsana kwanga ukutuluka dovu.

Pamabowo pamenepo panali bokosi lachitsulo, lalitali kufika m'khosi mwanga umu, lomangidwa kukhoma ndi mabawuti. M'katimo munkakhala mfuti ya bambo anu.

Ine kuno ndinabwera kudzangothandiza chikuta cha iwe Mphatso. Agogo anu aamuna anandiperekeza mpaka ku Lumbadzi kokwerera ndege, njira yonse akudandaula kuti aziwaphikira ndani mkhwani wotendera. Ndinawauza kuti, "Mukalephera muzikadya kwa alongo anu, ine ndibwera chimanga chisanaume." Chimanga chinauma, anakolola, anadzala china, ine ndikadali kuno. Kolona anatseka malire, ndege zinasiya kuuluka, ndipo ndinangokhala m'nyumba muno ngati nkhuku yofungatira.

Musaganize kuti mfuti ndinaidziwira kuno ku Perth. Agogo anu ku Ntchisi anali ndi gogodela, yopirikitsira nguluwe kumunda. Inu simungaidziwe. Inali mfuti yothira wonga cha kukamwa, n'kutsendera ndi kamtengo ndi kansanza, ndipo ikalira mudzi wonse unkadziwa kuti mawa kuli ndiwo. Nyama ya nguluwe yowamba, ana inu, si soseji zanu zonunkha pepala zija ayi. Gogodelayo inkakhala kudenga kwa chipinda chathu, yokulunga m'chiguduli. Koma wonga sunkagona m'nyumba mwathu. Unkakhala m'nyanga ya ng'ombe kwa achimwene awo, kutsidya kwa dambo. Ine ndinkawanena kuti ndi ulesi wa mtundu wanji uwu, wodzivutitsa nokha. Iwo ankangoti munthu akawoloka dambo lija kupita ndi kubwera, mtima umakhala utazizira, kaya unapsa ndi nguluwe kaya ndi munthu.

Chinanso chinkatiteteza ndi mwambo. Kwathu mwana akatha msinkhu ankamulangiza kuti kuchipinda kwa makolo asapondenso, ndipo zinkathera pomwepo. Kulowamo anali malaulo. Amayi anu mpaka lero sadziwa kuti bulangete limene ine ndi bambo awo tinkafunda linali la mtundu wanji. Ndiye ganizani mmene ndinazizidwira nditafika kuno n'kupeza iwe Tadala ukudumphadumpha pabedi pa makolo ako ndi nsapato zomwe. Ukuseka chiyani? Ndinangotsala pang'ono kubwerera tsiku lomwelo.

Bambo anu anakulira mwambo womwewo ku Dowa. Mfuti yawo anaipeza chifukwa cha mnzawo wa kuntchito ku Welshpool, amene achibale ake ali ndi famu ya nkhosa kutali kumidzi uko, kumene nkhandwe zimagwira tiana ta nkhosa. Ankapitako mwa apo ndi apo. Ndisawanamizire, zonse zimene boma la kuno limafuna anachita. Chilolezo anali nacho, bokosi analimanga kukhoma, zipolopolo zinali ndi kachipinda kakekake pamwamba kokhala ndi kiyi wina. Koma makiyi awiriwo anawamanga pa kawaya kamodzi n'kuwaika m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi, mu wadirobu, kuchipinda kwawo. Ndinamva kwa amayi anu tsiku lina tikuyanika zovala, nditafunsa ngati bokosilo silingatseguke ndi ana.

"Makiyi ali kuchipinda, amayi, m'jekete lawo," anatero. "Takondwa bambo ake anamukhazika pansi atangoyamba kusintha mawu, anamuuza kuti asalowemonso. Tadala ndi mwana, sangafikire n'komwe."

Ndinakhutira. Nanenso mutu wanga unali wa ku Ntchisi.

Kumbukiraninso kuti ine ndi bambo anu ndife apongozi. Masiku ano mumationa tikumwera tiyi patebulo limodzi, koma nthawi imeneyo tikakumana m'kolido aliyense ankayang'ana khoma lake. Sindinkadya nawo, sindinkawayang'ana kumaso, ndipo mawu anga onse opita kwa iwo ankadzera mwa amayi anu. Si chidani ayi, ndi ulemu. Kuchipinda kwawo ndiye ngakhale tsache langa linkathera pakhomo.

Chaka chatsopano chitangolowa, nyengo ija kuno dzuwa limawotcha pamene kwathu mvula ili pakati, agogo anu anayamba kutsokomola. Sabata sinathe. Anaikidwa ndi anthu ovala mapulasitiki oyera, achibale ataima patali, ine ndikuonera pafoni pabalaza pano. Amene anandigwirira foniyo ndi Takondwa. Bokosi la maliro litangoyamba kutsika m'manda, chithunzi chinaima, kenako kunada. Sindinaponye dothi, sindinametedwe, sindinagone pasiwa. Mwamuna amene ndinakhala naye moyo wanga wonse anangozima m'manja mwa mdzukulu wake.

Takondwa ndi agogo akewo anali pa ubwenzi. Lamulungu lililonse ankakangana za mpira pafoni, wina Chichewa wina Chingerezi, koma ankamvana. Maliro atatha mnyamata uja anadzitsekera. Sukulu zinali patchuthi, anzake akabwera ndi njinga ankawabweza, chakudya ndinkachipeza pakhomo pake mmene ndinachisiyira. Panalinso zina zimene zinkamudya, za kusukulu ndi za pafoni, koma zimenezo ndi zake, sindikuuzani. Bambo anu ankati ndi ulesi wa ana a kuno. Amayi anu ankabwera kuchokera kosamalira okalamba kuja maso ali psuu, n'kugona asanavule nsapato. Inenso ndinali m'chisoni changa.

Ndiye kunayamba kaphokoso.

Masana, makolo anu ali kuntchito, makatani onse otseka chifukwa cha kutentha, nyumba inkakhala zii. Panja pankangomveka akhwangwala a kuno, amene mukudziwa mmene amalirira, mokoka mawu ngati nkhalamba yosiyidwa yokha pamaliro. Tsiku lina ndikudutsa m'kolido ndi iwe Mphatso kumsana, ndinamva kuchipinda kwa bambo anu, chitseko chili chotseka, tizitsulo tokolekera zovala tikugundana. Ngwe, ngwe, pang'onopang'ono, ngati munthu akusankha malaya. Ndinaima. Kaphokoso kanasiya. Nditayenda, kanayambanso.

Tsitsi lonse linandiimirira. Agogo anu ndi mmene ankachitira m'mawa wa Lamulungu, kukankha malaya amodziamodzi ngati ali nawo ambiri chonsecho anali ndi atatu. Ndinati basi, andilondola. Abwera kudzandifunsa chifukwa chimene sindinawaike.

Mawa lake kanamvekanso, mkuja wakenso. Ndinaimbira foni mayi wina wa kutchalitchi kwathu wa ku Cannington, mnzanga wa msinkhu wanga. Anati, "Pempherani amayi, chisoni chili ndi makutu akeake." Ndinauza amayi anu, iwo anati ndi mphepo ya makina oziziritsa nyumba. Mphepo yanji yodziwa kusiya munthu akaima? Koma ndinakhala chete, poopa kuti angandipititse kwa dokotala wa mutu.

Tsiku lina ndinati ndithane nazo. Kaphokoso katayamba ndinagwada pakhomo la chipindacho, chipumi pansi, kuti ndiwauze agogo anu kuti andikhululukire, si ine ndinatseka malire. Pansi pa chitseko chija pali mpata, mukaone. Nditatsegula maso ndinaona mapazi awiri osavala nsapato ataima kutsogolo kwa wadirobu. Chala chachikulu chakumanja chinali chopindikira m'kati, chitakwera pa chinzake. Phazi limenelo ndinalithira madzi otentha zaka zambirimbiri likachokera kumunda.

Kenako phazilo linasuntha, ndipo ndinaona kuti lilibe ming'alu kuchidendene. Linali phazi losalala, la munthu amene sanapondepo mzere wa chimanga. Pa adzukulu anga onse, amene anatengera chala chimenecho ndi mmodzi yekha.

Ndinakwawira kuchipinda kwanga n'kusiya chitseko chotsegula pang'ono. Takondwa anatuluka monyang'ama, dzanja lili m'thumba la kabudula, n'kulowera kukhomo la kugalaja. Anakhalako kanthawi. Atabwerako analowanso kuchipinda kuja, tizitsulo tinaliranso, n'kubwerera kwake. Apo m'pamene mawu a amayi anu a tsiku loyanika zovala lija anandibwerera, ndipo mantha a mzimu anandithera. Amene analowa m'malo mwake anali oposa.

Madzulo ndinachita monga mwa mwambo. Ndinaitanira amayi anu kuchipinda kwanga n'kuwauza zonse, kuti akafikitse kwa amuna awo. Sindikudziwa kuti anakafikitsa bwanji. Mwina anachepetsako, poti munthu wotopa safuna phokoso m'nyumba. Yankho linabwera m'mawa, amayi anu akuvala yunifolomu.

"Akuti amufunsa, wakana. Akuti Takondwa anamulangiza okha, sangalowe kuchipinda kwawo. Akuti inuyo amayi mukadali ndi chisoni, muzipumako."

Ndinapsa mtima, ndisakubisireni. Ine wa imvi zanga, wowoloka nyanja, lero ndasanduka woona zideruderu? Koma mpongozi sumutsutsa kumaso. Ndinameza.

Sabata imeneyo ndi ija anatitsekera tonse m'nyumba chifukwa cha Kolona, sukulu osatsegulidwa, aliyense wotuluka atatseka pakamwa ndi kansalu. Makolo anu okha ndiwo ankapitabe kuntchito, poti ntchito zawo zinali zosaimitsika. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, kumapiri uko kunabuka moto. Tadala, mwina ukukumbukira. Dzuwa linafiira ngati dzira lowola, mumsewu munalibe galimoto ngakhale imodzi, ndipo phulusa linkagwa mwakachetechete pa zovala zimene ndinayanika. Ndinatola kaphulusa kena, kanali tsamba lathunthu, lakuda, mitsempha yake ikuonekabe. Nditakagwira kanatha m'manja.

M'mawa wonse wa tsiku limenelo kaphokoso sikanamveke. Takondwa anatuluka kuchipinda kwake atasamba, atapesa, n'kubwera kukhitchini kumene ndinkatsuka mbale. Anandikumbatira cha kumbuyo pamodzi ndi iwe Mphatso. Iwe Tadala anakupatsa zomvera nyimbo za m'makutu zija, zimene ankakumenyera ukangozikhudza. Unasangalala, unakakhala nazo pampando. Ine mtima unagunda. Kwathu munthu wodwala nthawi yaitali akadzuka tsiku limodzi n'kupempha phala, akuseka ndi aliyense, akuluakulu sasangalala ayi, amayamba kutumiza uthenga kwa achibale.

Ndinati mwambo undikhululukire, makiyi aja ndikatenge ndekha. Ndinaima pakhomo la chipinda cha bambo anu dzanja lili pa chogwirira, thukuta likutsika m'msana. Inu mungaseke, koma kwa ine kutsegula chitseko chimenecho kunali ngati kuvula pamsika. Ndinalowa maso ali pansi kuti ndisaone bedi. Ndinatsegula wadirobu, ndinapeza jekete, ndinapisa thumba lina, kenako linzake. Munalibe kanthu. Anali atatenga kale pamene ndinali panja kuanula zovala.

Sindinathamange. Ndinayenda chogwira khoma mpaka kukhomo la kugalaja n'kukankha.

Munali kutentha, mukununkha utsi, ndipo kuwala kofiira kunkalowera pa kawindo kakang'ono kaja. Bokosi lachitsulo linali lotsegula, ndi kachipinda ka pamwamba komwe. Takondwa anakhala pa ndowa yovundikira, mfuti ili pamiyendo pake, akuyang'ana khoma. Sanadzidzimuke. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ngati munthu amene ali kale kutsidya la mtsinje.

Mawu onse anzeru anandithawa. Chingerezi ndilibe, ndipo ndinkadziwa kuti ndikakuwa kapena kumulumphira ndiwononga. Ndinakhala pansi pasimenti, miyendo yowongola, pafupi naye. Kenako ndinanena chimene mayi aliyense wa kwathu amanena kwa mwana amene wangokhala.

"Takondwa, msana wandipweteka. Tandilandirako mwanayu."

Anandiyang'ana, anayang'ana mfuti.

"Ika pansi icho kaye. Mwana salandiridwa ndi dzanja limodzi."

Ndinayamba kumasula chitenje pachifuwa, osafulumira, ngati palibe chimene ndaona. Iwe Mphatso unadzuka, unaona achimwene ako, n'kuwatambasulira manja. Sindikudziwa kuti tinakhala chomwecho nthawi yaitali bwanji. Kenako anaweramira kumbali, anagoneka mfutiyo pansi, n'kukulandira. Unamugwira khutu. Ine ndinaponya chitenje pamwamba pa mfutiyo n'kuikokera kwanga, kukamwa kwake kutaloza kukhoma monga ankachitira agogo anu.

"Mulibe kanthu m'menemo, agogo," anatero m'Chingerezi chake chija, pang'onopang'ono kuti ndimve. "Ndimangoiona."

"Chabwino, mwanangu," ndinatero. "Tiyeni tizingokhala."

Ndinakuitana iwe Tadala cha pakhomo, osakulola kulowa, ndinati undiimbire bambo ako n'kundiponyera foni. Aka kanali koyamba chikwatire amayi anu kuti ndilankhule nawo ndekha. Atamva mawu anga anayamba moni waulemu uja, ndinawadula. Ndinati, "Bambo a Takondwa, siyani zimene mukuchitazo mubwere kunyumba. Tili m'galaja."

Podikirapo ndinamuuza Takondwa kuti ine ndinkaganiza kuti ndi agogo ake ankasankha malaya kuchipinda kuja, ndiponso kuti ali ndi phazi lawo. Anayang'ana phazi lake. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, analira ataika nkhope pamutu pako Mphatso, mpaka tsitsi lako linanyowa. Ine mfuti ili pamiyendo panga, ndaigwira ndi manja onse awiri.

Bambo anu anafika ndi ovolosi ya girisi, kansalu kakadali pakamwa. Anaima pakhomo, anaona bokosi lotsegula, anaona mwana wawo, anaona ine. Mwa chizolowezi anayang'ana kumbali. Ndinati, "Ayi, lero mundiyang'ane."

"Amayi," anatero, "mwana uyu ndinamulangiza. Salowa kuchipinda kwanga."

"Inenso sindilowa," ndinatero. "Koma lero ndalowamo. Jekete lanu ndi labuluu, thumba lakumanzere linang'ambika m'kati. Ngati ine wa ku Ntchisi ndalowa, mwana wokulira ku Perth angalephere bwanji? Mwambo si loko, bambo."

Anabwera n'kugwada, ndinawapatsa mfuti ndi chitenje chomwe. Anaivundukula, anailozetsa kukhoma, n'kukoka kachitsulo ka m'mbali kuti aone m'kati. Chipolopolo chinadumpha. Chinagwa pasimenti n'kugubuduzika, kaphokoso kake kakumveka galaja yonse, mpaka chinakaima pa ndowa imene Takondwa anakhalira.

Bambo anu anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwawa ndi maondo, munthu wamkulu uja, n'kukumbatira mwana wawo pamodzi ndi iwe Mphatso, akulira mokweza pamaso pa ine mpongozi wawo. Sindinayang'ane kumbali.

Mfutiyo sinagonenso m'nyumba muno. Tsiku lomwelo anaimba mafoni, anakaisiya kumene malamulo amalola kuti isungidwe, ndipo pambuyo pake anaigulitsa. Bokosi analizula okha. Amayi anu anabwera msanga n'kupita naye Takondwa kuchipatala madzulo omwewo, ndipo anayenda kwa adokotala olankhula nawo aja miyezi yambiri. Sizinathe tsiku limodzi ayi. Panali masiku ena oipa, koma pa masiku oipawo m'nyumba munalibe chinthu chomalizira munthu msanga.

Ndiye Tadala, ukamapita kukagona kwa anzako n'kundimva ndikuumiriza amayi ako kuti afunse ngati m'nyumbamo muli mfuti, ndiponso kuti kiyi wake amakhala kuti, usamazungulize maso ako aja. Ndipo tsiku limene mtima wako udzalemere, udzabwere kuchipinda kwanga osagogoda. Kwanga kulibe malaulo.

Dzulo Takondwa atabwera kuchokera kuyunivesite ku Bentley kudzatenga zovala zake, ndinamufunsa ngati angandilole kukuuzani zimenezi, poti nkhaniyi ndi yake. Zaka zonsezi ine ndinkadzitonthoza kuti mwina chipolopolo chija anachiiwala bambo ake pochokera kufamu, mwanayo sankadziwa. Anamaliza kupinda malaya. Kenako anati, "Auzeni zonse, agogo. Koma muwauzenso kuti tsiku lija ndinakunamizani. Ndinachiikamo ndine."